Atate ndi Dzina la Akabiwa

Atate, a Hilary Sitali, anafika ku Nyimba mu 1966 ndi sutikesi imodzi ndi kalata ya boma yowatuma kudzaphunzitsa anthu ulimi wa thonje. Kwawo kunali ku Senanga, kumadzulo kwenikweni kwa dziko, ndipo ankati kuno adzakhala zaka ziwiri basi. Koma anaona amai, a Sophia, mtsikana wa Chinsenga wa ku Ndake, ndipo zaka ziwirizo zinatalika mpaka imvi. Zakwawo zimene anasunga zinali nyimbo ndi maina. Ine ananditcha Mukela, mng'ono wanga Akabiwa, ndipo aliyense wopotoza mainawo ankamubwerezetsa mpaka atchule bwino, ngakhale akhale abusa.

Anali munthu wosatha kukhala pansi. Mlungu wonse ankazungulira minda ya anthu pa njinga, koma Lamlungu dzuwa likapendeka ankatiitana kuti tikawongole miyendo. Anzathu akuthamangitsa mpira, ife tinkatsata m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Lusaka mpaka pa mlambe wina umene unali malire athu. Popita anali mafunso okhaokha: mitsinje ya m'Zambia, masamu a pamtima, kalembedwe ka mawu a Chingerezi. Ukalakwa ankaima chilili pakati pa njira, malole akutiwaza fumbi, mpaka yankho lituluke. Ndinkadana nawo ulendo wopitawo, sindibisa.

Pobwerera ankasanduka munthu wina. Ankavula chipewa n'kuyamba nyimbo za Chilozi, zija amaimba opalasa bwato madzi akadzaza m'chigwa cha kwawo. Ine mawu anga ndi a khwangwala, choncho ndinkangoyenda. Akabiwa ndiye ankapolokoza, akuomba m'ntchafu, ndipo Chilozicho chinkamutuluka ngati anabadwira komweko. Atate ankati m'nyumba yonse Mlozi mnzawo ndi yekhayo. Nsanje ndinali nayo, koma zinali zoona.

Ali ndi zaka khumi ndi zitatu, Akabiwa anapanga banjo ya chitini cha mafuta ophikira. Nsambo zake anachotsa ku mabuleki a njinga ya atate, ndipo iwo anazindikira zimenezi ali kale pamtsetse, mpaka anakatsirizira ulendo m'munda wa mtedza wa eni ake. Tinkati lero mnyamata aona zakuda. Koma atamva nyimbo yawo ya bwato ikulira pachitinipo, atate anangopukusa mutu, bondo likuchucha magazi, n'kunena kuti nsambo yachitatu yalimba kwambiri.

Zinthu zinasokonekera pamene zotsatira za mayeso a Giredi Seveni a 1984 zinatuluka. Dzina la Akabiwa panalibe pa mndandanda wa opita ku sekondale. Malo anali ochepa, ana ambirimbiri, ndipo iye anapereweza pang'ono chabe. Kubwereza kalasi yomweyo ndi dzina lomwelo sankalola. Ine ndinali kale ku sekondale ndipo ndinali kunyumba patchuthi, motero ndinaona ndi maso anga atate akukhala pakhonde masiku atatu. Iwo amene ankauza alimi kuti mwana wosaphunzira ndi munda wosapalira, lero wawo yemwe anali panja.

Nzeru inabwera ndi amalume, a Eustace Mumba, mlongo wawo wa amai. Anatsamiritsa njinga pamtengo n'kunena mosazungulira.

"Alamu, nipatseni mwanayu nipite naye ku Ndake. Tizamulembetsa ngati wanga, Gideon Mumba. Alembe futi mayeso. Ambili achita tele, ndipo ana awo ali ku sekondale lelo."

Amai anakana pomwepo. "Dzina si malaya, a Sitali, akuti muvule lelo mailo muvalenso. Likalowa m'mabuku a boma lalowa."

"Ni pa pepala chabe," anatero atate. "Pano pa nyumba azakhala Akabiwa mpaka kufa."

Mwini dzina sanamufunse aliyense. Anali kuseri kwa nyumba akumangitsa nsambo za banjo yake.

Tsono atate sankadziwa kuchita chinthu mwatheka. Anaopa kuti ku sukulu yatsopanoyo wina angaitane dzina lakale, mwana n'kutembenuka, chinsinsi n'kuululika. Ndiye Lamlungu lotsatira mafunso a mitsinje anatha. Anamuuza Akabiwa kuti aziyenda patsogolo, ife kumbuyo. Tikayenda pang'ono ankaitana mwadzidzidzi.

"Akabiwa!"

"Tate?"

"Walakwa! Akabiwa ni ndani? Yenda futi."

Ankaitana mokalipa, ankaitana monyengerera, nthawi zina ankandituma ine kuti ndiitane ngati ndaona njoka. Ndinkaitana, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi. Mnyamata akatembenuka, atate ankaima pakati pa njira monga kale. Akapirira osatembenuka, kenaka n'kuyankha pa dzina la Gideon, ankamuuza kuti, "Wakhoza." Pobwerera kunalibenso nyimbo, chifukwa mwana wa a Mumba wa ku Ndake sangadziwe Chilozi. Tinkangomva nsapato zathu.

Pa Lamlungu lachinayi Akabiwa anafunsa tili pa mlambe paja, maso ali pansi.

"Atate, nanga nizayamba liti kuyankha futi?"

"Ukapasa."

Anapita ku Ndake mu Januwale. Banjo anaisiya, poti atate anati ndiyo inamudyera nthawi. Amai anaipachika pamsomali m'chipinda chathu, ndipo inachita dzimbiri pomwepo.

Anapasadi, ndipo anapasa bwino kwambiri. Kalata yomuitana ku sekondale yogonera komweko ku Petauke inafikira kwa amalume, iwo n'kubwera nayo akumwetulira. Atate anaiwerenga kawiri, chala chili pansi pa dzina la Gideon Mumba, n'kuibweza. Amai anali atanena zoona. Kuti akonze dzinalo anayenera kukaulula kuti ananamiza boma, iwo wantchito wa boma, ndipo mwana akanachotsedwa sukulu. Anati tidikire amalize Giredi Naini. Pambuyo pake anadzati tidikire Giredi Thwelofu.

Patchuthi mng'ono wanga ankabwera, waulemu, wotalika, wosalankhulalankhula. M'nyumba tinkachita kuzemba dzina lake. Amai ankati "iwe mwana", ine ndinkati "mwana wa amai", atate ankangotsokomola kuti awayang'ane. Kokayenda Lamlungu ankapita akauzidwa, koma atate akayamba nyimbo iye ankayang'ana malole. Zinkandipsetsa mtima, ndipo sindinkadziwa kuti ndipsere mtima ndani.

Mu 1987 kunabwera uthenga wakuti ku sukulu kwawo kuli tsiku la makolo, ndipo gulu loimba la ana a sukulu lidzasangalatsa alendo. Amalume anali kudwala malungo. Atate anasita jekete lawo la ku tchalitchi, ndipo ine ndinawaperekeza. Basi tinaidikira kuyambira m'mawa, tinafika ku Petauke mwambo utayamba kale. Pakhomo panali mphunzitsi wamkazi wolandira alendo.

"Mwabwelela mwana uti, bambo?"

Atate anayankha kuti, "Gideon Mumba."

"Oo, Gideon wathu wa gitala! Ndimwe atate ake?"

"Iyai," anatero atate. "Ndine alamu awo a atate ake."

Tinakhala kumbuyo. Ana anaimba nyimbo za chipani, ena anavina, kenaka anatulukira anyamata anayi ndi ng'oma ndi magitala a sukulu. Mng'ono wanga anaima pakati. Atangokhudza nsambo, atate anandigwira bondo. Inali nyimbo yawo ya bwato. Anaithamangitsa kuti ivinike ngati kalindula wa pa wailesi, mawu anaikamo a Chinsenga, koma inali yomweyo, ndi pokwera pake pomwe atate ankavulira chipewa. Holo yonse inaimirira. Amai ena anakamuika mpango m'khosi akululuza.

Itatha, mphunzitsi wamkulu anamufunsa pamaso pa anthu kumene anaitenga nyimbo yokoma chotero. Mnyamata anayang'ana kumbuyo kumene tinakhala, ndipo ndikudziwa kuti anationa.

"Ninaimva kwa bambo ena a ku Nyimba," anatero. "Tinali kuyenda nawo kale."

Anayankha monga atate anamuphunzitsira. Kenaka mphunzitsi wamkuluyo anapempha kuti kholo la Gideon liimirire anthu alione. Atate anakhala chikhalire, chipewa chili pamaondo, ndipo anthu anaomba m'manja poganiza kuti kholo silinabwere.

Madzulo anamulola kutiperekeza kokakwera basi. Msewu wochoka ku sukulu unali wafumbi, ndipo iye anatsogola atanyamula chikwama cha atate. Tinayenda motero, iye patsogolo ife kumbuyo, ndipo ndinakumbukira mayendedwe amenewa. Panalibe wina aliyense pafupi. Atate anayang'ana uku ndi uku, n'kuitana motsitsa mawu.

"Akabiwa."

Anapitiriza kuyenda.

"Akabiwa!"

Ndinkamuyang'ana m'khosi. Ndikanakonda ndikanaona kuti wamva koma akuchita dala, chifukwa munthu wokwiya umatha kumupepesa. Koma khosi silinagwedezeke n'komwe. Ankangosintha chikwama kuchoka dzanja ili kupita linalo, ngati kumbuyo kwake akuitana mwana wa eni.

Atate anaima pakati pa njira. Ndinaganiza kuti akuwa kachitatu, koma anaitana dzina lina lija.

"Gideon."

Anatembenuka msanga. "Bambo?"

Atate anamuyang'ana nthawi yaitali. Ine misozi inali itayamba kale, ndipo ndinkafuna kuwagwira jekete ndi kuwafunsa ngati izi ndizo zija ankati n'za pa pepala chabe. Iwo anavala chipewa chawo bwinobwino.

"Wakhoza, mwana wanga," anatero. "Tiye, basi ingatisiye."