Tsabola Pamakala

Anastaziya anabadwira ku Ngauma, m'dziko la Mozambique, m'banja la olima fodya, koma zophikaphika anakaziphunzirira ku Cuamba. Ali mtsikana ankatsuka mbale kwa dona wina wa kantina, ndipo n'kumeneko kumene anaona nyama ikudulidwa tizidutswa ting'onoting'ono, kukazingidwa ndi anyezi ndi adyo, kenako kuthiridwa matimati ndi nyemba zowiritsa kale. Donayo ankaponyamo kapiripiri kamodzi, ngati akuopa kuti kamuluma. Anastaziya atabwerera kwawo ankathira tsabola wodzaza dzanja, wina wosinja ndi mchere, wina wathunthu. Odya ankatuluka thukuta mpaka m'makutu, koma mawa lake ankabweranso.

Nkhondo itafika, boma la Apwitikizi linasonkhanitsa anthu n'kuwatsekera m'mudzi wotchingidwa ndi waya pafupi ndi Mandimba. Kumunda ankapita m'mawa, n'kubwera dzuwa lisanalowe. Mwamuna wa Anastaziya anali atamwalira kale. Asilikali a pachipata atamva fungo la mphika wake, anayamba kumubweretsera nyama Lamulungu lililonse kuti awaphikire. Iye sanakane, poti kukana kunalibe. Nyamayo inkakhala ya mbuzi, ndipo woichinja anali Amade, sipayi, wapolisi wachikuda wa Apwitikizi, Mchawa amene ankawamasulira, chifukwa anali Msilamu ndipo naye ankafuna kudyako.

Anastaziya anali ndi mlongo wake wamng'ono, Luka, amene ankasenzera ufa anyamata a m'tchire omenyana ndi Apwitikizi, ndipo dzina lake asilikali anali atalimva. Chifuwa chitamugwira, Luka analowa m'mudzimo pakati pa amayi ochokera kumunda, atafunda chitenje cha kapulana, mtolo wa udzu uli kumutu. Anastaziya anamukweza pansanja ya m'khitchini, kuseri kwa matumba a chimanga.

"Achemwali, ndikangotsokomola anthuwa ali pano, tapita tonse," anatero Luka.

"Ndiye usatsokomole," anayankha uku akutong'ola nyemba.

Lamulungu linafika ndi mvula. Masiku onse asilikali ankadikira chakudya pansi pa mtengo wa mango, koma tsikuli analowa m'khitchini momwemo, mfuti kuzitsamiritsa kukhoma, iwo n'kukhala pamtondo ndi pankhuni. Amade anakhala pakhomo. Ameneyu anakulira limodzi ndi Luka, ankadyetsa mbuzi dambo limodzi.

Nyama inali itafiira, nyemba zikuphwanyika bwino, msuzi ukugwirana. Anastaziya akutakasa anamva kumwambako mpweya ukukokedwa molira, monga amachitira munthu amene akubweza chifuwa pakhosi. Sanayang'ane m'mwamba. Anatenga lichero la tsabola wouma ngati akufuna kuwonjeza mumphika, n'kulipendeketsa, tsabola yense khuthu pamakala.

Utsi wa tsabola sufunsa dzina. Sajento wawo ndiye anayamba, enawo n'kutsatira, kutsokomola kosapumira, misozi ndi mamina zili chuchuchu. Wina anatukwana m'Chipwitikizi, wina anaseka n'kutsamwa. Luka naye anatsokomola pansanja paja, kwambiri ndithu, koma phokoso lake linamira mu la anzake. Asilikali anatola mfuti n'kuthawira pakhonde, kumene anadyera mvula ikuwawaza m'mapazi. Sajento anamuuza Anastaziya, kudzera mwa Amade, kuti ndi mkazi wa manja lende, koma mbale yake anaipala mpaka kuyera.

Amade ndiye anabweza mbalezo. Anaima pakhomo maso ali psuu, nayang'ana matumba aja kanthawi.

"Mayi, chifuwa chimenecho ndimachidziwa kuyambira tili ana. Mawa ndisachimvenso muno."

Anastaziya anangolandira mbale.

Luka anatuluka m'mawa monga momwe analowera, nawolokera ku Malawi. Anakachira, nakwatira konko, ndipo mpaka imfa yake tsabola sankafuna ngakhale kumuona pamsika. Ankauza ana ake kuti mlongo wake anatsala pang'ono kumupha.

Kuyambira Lamulungu lotsatira, mbale ya Amade inkakhala ndi nyama yambiri kuposa ya sajento. Nkhondo itatha, Apwitikizi anapita, waya anthu anazula n'kumangira makola, ndipo Amade anamusala chifukwa cha yunifolomu yake yakale. Pamaliro ankakhala yekha. Koma Lamulungu ankafikabe kwa Anastaziya, n'kukhala pansi pa mango uja. Iye ankamupakulira, nyama ikakhalapo, ikasowa nyemba zokha, tsabola yemweyo. Ankapatsana moni, n'kukamba za mvula ndi mitengo ya fodya. Za nsanja ija sanazitchulenso.