Tsiku limene Mayi Telala anaimitsa makina

Mayi Telala anasiya kumva ali ndi zaka zinayi, atadwala mwakayakaya. Kuyambira pamenepo aliyense pakhomo anasanduka mneneri wawo. Kuchipatala ankawayankhulira azakhali, ndipo mwamuna atawathawa, udindowo anaulanda achimwene awo, munthu wokonda kumva mawu ake omwe. Chinenero chamanja anachiphunzira mobisa kwa atsikana anzawo osamva, chifukwa azakhali akawaona ankawamenya zala. Zala zomwezo lero zimasoka mayunifolomu a sukulu zitatu m'kashopu ka kuseri kwa msika, ndipo zalera ana awiri.

Tsiku lina kunabwera ojambula kanema wa amayi osamva: mkulu wawo, mayi wa kamera, ndi womasulira. Achimwene anafika m'mamawa, atatchena, osaitanidwa.

"Mayi azisoka, ife tizifunsa. Zioneka bwino," anatero mkulu wa kanema.

Nzeru zake zimenezo! Munthu amayankhula ndi manja, inu mwamugwiritsa nsalu, ndiye ayankhe ndi chiyani, mapazi? Mapaziwonso anali akupalasa makina. Achimwene anaona mpata, n'kukokera mpando patsogolo pa kamera.

"Mlongo wangayu ndi wovutika, abale. Popanda ife bwenzi akupemphetsa mumsewu."

Womasulira anaika mawuwo m'manja, monga mwa ntchito yake. Mayi Telala atawaona, mtima unawira. Zaka makumi anayi ankangoona milomo ikugwedera pamwamba pa mutu wawo, lero ndiye anadziwa zimene imanena. Anaimitsa makina, n'kumenyetsa sizasi patebulo. Analozera wa kamera kuti abwerere m'mbuyo mpaka manja onse aoneke. Kenako anayamba, zala zili liwiro, nkhope ikuyaka. Anafotokoza momwe anaphunzirira kudula nsalu pongoyang'ana, ndi momwe makasitomala amabwerera kwa iwo kusiya matelala akumva.

Achimwene anasendera kwa womasulira.

"Akuti chiyani?" anamufunsa monong'ona.

"Akuti ngati mumawadziwadi, muonetse kamerayi dzina lawo la m'chinenero chamanja. Anzawo onse amalidziwa."

Achimwene anakweza manja, n'kuyang'ana zala zawo ngati zobwereka, kenako anazibisa m'thumba. Wa kamera sanazimitse. Mayi Telala anawadikira, maso ali pa iwo, osaphethira, mpaka achimwene anadzuka okha n'kukaima pakhomo. Pamenepo mayiwo anakankhira mpandowo kumbali ndi phazi, n'kupitiriza nkhani yawo.