Kamsilikali Konyamula Chishango cha Bambo

Sukulu ndinalekezera Folomu 3, chaka chimene bambo anachoka kwathu n'kukakwatira ku Golomoti. Anthu akandifunsa ndimangoti inandikanika, chifukwa ndilibe nthawi yofotokozera munthu zinthu zimene akuzidziwa kale. Ndinapita kukathandiza pa shedi ya amalume, m'mbali mwa msewu pafupi ndi Mua. Iwo amasema, ine ndimapala ndi kupaka penti. Mvuu, ng'ona, mitanda, mvuu zinanso. Ukapaka mvuu zambiri umayamba kudana nazo.

Tsiku lina panaima galimoto, mukutuluka bambo wina wa ku Lilongwe, wonenepa, wovala kabudula ngati mwana wa pulayimale. Sanagule kanthu. Anayang'anitsitsa maso amene ndinajambula pa kambalame kena, kenako anakatenga bokosi m'galimoto.

Munali tiasilikali ta pulasitiki, totuwa, kalikonse kosaposa chala changa chachikulu. Tina tinali pa akavalo, titavala zitsulo thupi lonse, nkhope yosaoneka.

"Ana anu ali ndi mwayi," anatero amalume.

"Si za ana izi, madala. N'zanga."

Anafotokoza kuti Loweruka amakumana ndi anzake, amayala tiasilikalito patebulo, amaponya madayisi, n'kumamenyana nkhondo zamakedzana za ku Ulaya. Anthu a ndevu zawo. Amalume anatsokomola pobisa phwete. Ine sindinaseke, maso anga anali pa tizishango.

"Chishango chilichonse chimakhala ndi chizindikiro cha banja," anatero mwini bokosiyo, akundionetsa pafoni mikango yoimirira, mitanda ndi mizere yopingasa. "Nkhope ili m'chisoti, ndiye munthu ankamudziwira pachishango kuti ndi mwana wa ndani. Ungathe kupenta zimenezi, aise?"

"Ndingathe."

Anasiya bokosi, tibotolo ta penti ndi bulashi yowonda ngati nsidze. Akukwera galimoto anatulutsa kamodzi ka pa kavalo m'thumba n'kundiponyera.

"Aka n'kako. Uikepo chizindikiro cha kwanu."

Ntchitoyo ndi yopweteka khosi. Kamsilikali umakamata pa chitsekerero cha botolo kuti upeze pogwira. Umayamba ndi penti wakuda thupi lonse, kenako wonga chitsulo pamwamba, mopepuka, kuti m'makwinya mukhalebe mdima. Kuno kumatentha, penti amauma pabulashi usanafike naye pachishango. Pojambula mzere supuma. Ukangopuma, mkango wasanduka galu. Ndinapanga agalu angapo, n'kufufuta, mpaka dzanja linazolowera.

Kanga kaja kanakhala pashelefu masabata, kotuwa. Amayi ndi Mchewa, ndipo kwawo palibe anandikanapo, koma kwawoko kulibe chishango. Bambo ndi Mngoni. Chishango chawo chinkapachikika pakhoma kunyumba kwathu, pamwamba pa wailesi: chikopa chakuda, timizere todula pakati, ndi banga loyera chakumanzere looneka ngati phazi la khanda. Pochoka anasiya mabuku ndi njinga yakuphwa, koma chishango anatenga. Msomali wake ulipobe.

Chaka cha tiasilikalicho abale a bambo ankamanga chiliza cha agogo, bambo awo a bambo. Pamwambo wotere kwawoko amavina ngoma, ndipo ana aamuna a pabanja amalowa m'bwalo ndi zishango. Ine ndine mwana wawo woyamba. Kuponda ngoma anandiphunzitsa okha, pabwalo la kwathu, ine nditanyamula chivundikiro cha poto. Koma za chilizazo ndinamvera kwa wakabaza. Ndinkafuna andiitane, ndikaime pambali pawo anthu akuona. Kupempha ndi pakamwa sindikanatha. Ndiye ndinatsitsa kamsilikali kaja.

Banga lija ndinalijambula ndi nsonga ya singano. Ndinaika ngakhale kamalo kothothoka ubweya m'mphepete, pamene ndinkakanda ndili mwana.

"Mphwanga," anatero amalume atasuzumira, "munthu wosayankha foni akayankha chidole?"

"Semani mvuu zanuzo."

Lamulungu m'mawa ndinapalasa njinga mpaka ku Golomoti. Ndinapeza nyumba yokhoma, onse ali ku Misa. Sindinafune kukhala pakhonde ngati wopemphetsa, anansi akundiwerenga nthiti. Kamsilikali ndinali nditakakulunga m'kansalu kofiira kopukutira mabulashi kuti kasakalike, n'kumanga ndi ulusi wakuda umene unali pafupi. Ndinakaika pakhomo penipeni, pamene bambo sakanalephera kukaona, n'kupita kumsika kukataya nthawi.

Pobwerera masana ndinapeza anthu ali gwirigwiri pakhomopo. Mkazi wa bambo anali pakati pawo, mwana kumsana, ndodo m'manja. Kansalu kaja anali atakamasula ndi ndodoyo.

"Ndi ameneyu! Ana anamuona!" anakuwa atandiona. "Wakutuma ndani? Amako?"

"Ndi pulasitiki, amayi. Pulasitiki ndi penti."

"Usanditchule amayi! Onani anthuni. Kamunthu kopanda nkhope, mkondo m'manja, nsalu yofiira, ulusi wakuda, pakhomo panga. Chishangocho ndi cha amuna anga, banga lake lomwelo. Akaphe ndani m'nyumba muno?"

"Kukongola kwake ndiye n'koopsa," anatero mayi wina kumbuyo, ndipo ena anabwerera m'mbuyo ngati kaluma.

Bambo anatuluka m'nyumba, akadali ndi jekete la kutchalitchi. Munthu ameneyu anaphunzira kumishoni. Amagwira ntchito za umoyo, amayenda m'midzi kubaya ana katemera ndi kuuza anthu kuti malungo amabwera ndi udzudzu, osati ndi azakhali. Ananjuta, anavala magalasi, anatola kamsilikaliko ndi zala. Ndinawaona akuliona banga lija. Chala chawo chinaima pa kamalo kothothoka.

"Wapenta wekha?" anafunsa motsitsa mawu.

"Eya, ababa."

"Dzanja uli nalo."

Ndinaganiza kuti aimirira, aseka, auza anthuwo kuti uyu ndi mwana wanga wamkulu, bwererani kwanu.

"Mukukagwira?" anatero mkaziyo. "Abambo ake, mwanayu wakhala akudwaladwala, inu mukukagwira ndi manja?"

Bambo anayang'ana mkazi wawo. Anayang'ana anthu. Ine sanandiyang'ane. Anakaika pansi, anatola timitengo tiwiri, anakapana ngati chinkhanira, n'kupita nako pambaula imene inali pakhonde. Kavalo ndiye anayamba kupinda miyendo. Chishango chinatupa, chinada, n'kudontha. Fungo la pulasitiki linamveka bwalo lonse, ndipo mayi wina anati mwamva kununkha kwake, si chinthu chabwino chimenechi.

"Pita kwanu," anatero bambo, akupukuta zala pampango. "Tidzakamba tsiku lina."

Kwanu. Anatero ndithu.

Mkaziyo sindimusungira zambiri. Mantha ake anali enieni, ndinawaona m'maso mwake, ndipo mwana wake ankadwaladi. Koma bambo sankaopa kanthu. Ankadziwa kuti ndi penti. Anayeza phokoso la m'nyumba mwawo ndi ine, n'kuona kuti wopepuka ndine.

Nkhani inafika kwathu ine ndisanafike. Amayi anasiya kupita kumsika wa ku Golomoti, chifukwa anthu ankalozerana kuti ndi aja otumiza kamunthu. Sanandikalipire. Anangondifunsa ngati ndadya, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa.

Tsiku la chiliza ndinali pashedi, ndikupenta mkango wachikasu wa banja la ku Ulaya limene sindidzalionapo. Lole inadutsa pamsewu, yodzaza abale a bambo, nthenga kumutu, akuimba. Bambo anali kutsogolo ndi dalaivala. Kumbuyo, mwana wa mlongo wa mkazi uja anali atakumbatira chishango chakuda cha banga loyera, atachigwira chadodolido. Amalume anasiya kusema. Ine ndinali pakati pa mzere, ndiye sindinapume.

Mwini bokosi uja atabwera kudzatenga asilikali ake anawayala pabenchi, anawajambula pafoni, anandigwira chanza kawiri.

"Nanga kako kaja kali kuti? Ndione chizindikiro cha kwanu."

"Kanafera kunkhondo."

Anaseka mpaka kugwira galimoto. Kenako anapisa m'bokosi n'kundipatsa kena, akuti msilikali sakhala wopanda womulowa m'malo.

Kameneko ndinakapenta konse: kavalo, chisoti, mkondo, mpaka zingwe za pachishalo. Chishango chokha n'chotuwabe. Kali pashelefu, pakati pa ng'ona ndi mitanda, ndipo ogula akafunsa ndimati sikogulitsa. Amalume amakatola nthawi zina, amakatembenuza, amakabwezera.

"Ikapo mvuu, mphwanga," anatero tsiku lina. "Kwanu n'kuno."

Ndinawauza kuti penti watha. Anayang'ana tibotolo todzaza patebulo, n'kutola sompho yawo.