Phulusa la Nzimbe ndi Chitsime Chopuma

Inu amene mwakhala pansi poganiza kuti zanu zatha, tamvani za Desley wa kwathu ku Mackay.

Ali ndi zaka 23, Desley ankasesa phulusa pa fakitale ya shuga. Nzimbe zikafinyidwa, zotsalira zake amazitentha m'ng'anjo kuti makina ayende, ndipo phulusa lake silitha. Ankaweruka ali mbuu ngati mzukwa, moti agalu a m'njira ankamuuwa.

Sikuti anali mbuli. Anayamba maphunziro a uinjiniya, koma chaka chachiwiri mchimwene wake Lyall anafera kuchipululu, pachitsime cha mafuta. Simenti yomatira paipi ku thanthwe inafooka ndi kutentha kwa pansi, mpweya wa gasi unakwera mwakachetechete, kenako unayaka. Bokosi linabwera lokhomedwa, ndi mawu oti lisatsegulidwe. Desley analephera mayeso kawiri, sukulu inamutsanzika.

Chitsimecho sichinatsekeke. Eni ake anathiramo simenti katatu, katatu konse mpweya unapeza njira, ndipo ana a anthu ena ankagwirabe ntchito pambali pake. Izi ndiye zinkamudya Desley mumtima.

Tsiku lina akusesa, anaona kuti pansi ponse pafupi ndi ng'anjo ndi pong'aluka, kupatula chigamba chimodzi. Atafunsafunsa, mmisiri wina anaulula akuseka kuti simenti itamuperewera anawonjezeramo phulusa kuti abwana asadziwe. Chinyengo cha munthu waulesi chinali chitapirira moto kwa zaka zisanu ndi zinayi.

Desley anatenga ndowa ya phulusa n'kupita kwa a Glenys, mayi wachikulire wa pa labotale yoyezera simenti, amene tauni yonse inkawaopa chifukwa cha pakamwa.

"Iwe, muno ukuyesa ndi dzala lotayira phulusa?" anatero a Glenys.

"Ndikungopempha mphika wanu uja, anti. Loweruka lokha."

"Ukauphulitsa, ndidzakuphikamo iweyo."

Mphikawo unali chitsulo chokhuthala chophikira simenti pa madigiri 200, uku chikuifinya monga imafinyikira makilomita anayi pansi pa nthaka. Ukatentha unkabuula chapansipansi. A Glenys anazolowera, koma Desley tsitsi linkamuima nthawi zonse, chifukwa ankadziwa kuti kumeneko ndiye kulira kwa pansi pa chitsime.

Simenti yake yoyamba sinafike n'komwe mumphikamo. Masiku asanu ndi limodzi anadutsa idakali phala. Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri anapeza mzere wa nyerere ukukwera tebulo, kulowa m'zikombole zake.

A Glenys anayang'ana nyerere, n'kuyang'ana Desley. "Phulusali umabwera nalo mu chiyani?"

"Ndowa inachepa. Ndikumanyamulira m'matumba a kuntchito."

"A shuga? Mayo ine! Iwe ukumanga chitsime kapena ukuphika keke?"

Shuga wodzadza dzanja limodzi amatha kuletsa wilibala yonse ya simenti kuuma. Koma ife kwathu chilichonse timanyamulira m'thumba la shuga, kaya ndi nkhanu, kaya mango, kaya zovala zakuda. Desley anachita manyazi mpaka misozi. Loweruka lotsatira anabweranso, atanyamula migolo yachitsulo yotsuka bwino.

Anaphunzira kutenthanso phulusa mpaka kuda konse kutachoka, kulipera, kulisefa. Zikombole zina zinkatuluka mumphika zitafumbwa, moti ukazigwira zinkayoyoka m'manja. Anzake kufakitale anamupatsa dzina loti Dokotala wa Tsache. Anabwerera kusukulu, nthawi ino n'kukhoza. Chaka chachinayi, chikombole cha nambala 212 chinatuluka mumphika patatha mwezi wathunthu, ndipo makina ophwanyira anachita kulira asanachigonjetse.

Anatumiza zotsatirazo kwa eni chitsime kasanu. Kachisanu anamuyankha, osati chifukwa chomukhulupirira, koma poti nzeru zinali zitawathera.

Anafika pachitsimepo masana dzuwa likuswa mtengo. Aliyense amene anapondako kuchipululu kuja amadziwa kuti ntchentche zimakulandira usanatsike n'komwe m'galimoto. Apa panalibe ntchentche ngakhale imodzi. Panalibe mbalame. Ng'ombe za pafamu yoyandikana zinali zitaima patali mumzere, zonse zitayang'ana kuchitsime, osadya, osalira.

Ndiye anamva. Chitsimecho chinkapuma. Mpweya ukadzadza kuseri kwa paipi unkatuluka kuti fuuu, n'kusiya, n'kudikira kanthawi, n'kuyambanso. Nthaka yozungulira inali idakali yakuda.

Kapitawo, a Merv, anali bambo wamkulu wopsa theka la khutu. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiwe mlongo wake wa Lyall. Mphumi yomweyo," anatero. "Tamvera, mwanawe. Pano tili ndi lamulo lathu, silinalembedwe paliponse. Wosakaniza simenti amaima nafe pakamwa pa chitsime tsiku loyeza. Atatu amene anasakaniza poyamba aja anatumiza makalata ali mu ofesi yozizira. Iwe uima?"

"Ndiima."

"Zikakanika sipakhala pothawira."

"Ndikudziwa, a Merv. Bokosi linafikira kwathu."

Anaboola paipi pansi penipeni n'kukankhira simenti ya phulusa kuseri kwake. Kenako anadikira masiku atatu. Amuna asanu ndi awiri a pachitsimepo ankadya nyama yawo yootcha, ndipo palibe amene ankakhala mofulatira chitsime. Tsiku lachiwiri kupuma kuja kunatalikirana. Tsiku lachitatu kunasiya. Koma a Merv anapukusa mutu. "Chimatero chimenechi. Chimadziwa kunamizira kufa."

Tsiku loyeza, onse anaima mozungulira pakamwa pa chitsime, Desley ali pakati pa a Merv ndi woyendetsa makina. Anatsitsa pachingwe chida chomwe chimagogoda paipi n'kutumiza phokoso lake kumtunda. Pomwe simenti yataya, paipi imalira ngati belu. Pomwe yagwira, imangoti thi.

Chida chinayamba kutsika, ndipo m'chimkuzamawu munamveka ngoo, ngoo, ngoo. Kunali kulira kozizira, kochokera kutali, kokhala ngati wina ali pansipo akugogoda kuti amutsegulire. Mmodzi wa amuna aja anavula chipewa. Desley, kunena zoona, ankafuna kuthawa. Anagwira chitsulo cha m'mbali, chinali chotentha, koma sanachisiye.

Makilomita atatu. Ngoo. Atatu ndi theka. Ngoo.

"Tikulowa mu simenti yako tsopano," ananong'ona a Merv.

Thi.

Palibe anapuma. Thi. Thi. Mamita zana, mamita mazana awiri, belu silinabwerere. Anakankhiramo madzi mwamphamvu kuti aone ngati pali potulukira, ndipo muvi wa geji yoyezera mphamvu ya madziwo unaima malo amodzi kwa ola lathunthu, anthu asanu ndi atatu akungouyang'ana.

A Merv anapukuta kumaso ndi mkono wa malaya. "Anyamata, pitani mukaimbire azikazi anu. Muwauze kuti Lachisanu tonse tikubwera."

Desley anakhala pansi m'fumbi momwemo n'kulira mokweza, mopanda manyazi, ndipo amuna akuluakulu aja analira naye.

Abale anga, mtsikana ameneyu analephera kusukulu kawiri ndipo mulabotale analephera koposa mazana awiri. Mantha sanamuchoke ngakhale tsiku lomaliza, koma anaima nawo pomwepo. Inunso ngati muli pakamwa pa chinthu chomwe chinameza anzanu, miyendo injenjemere mmene ikufunira, koma mtima wokhawo musautaye. Imani, chifukwa pali anthu amene adzafike kwawo amoyo poti inu simunathawe.