Juzi ya Mkono Wofiira

Ndimaluka ndi masipoko a njinga onola pamwala, ndipo ulusi ndimaupeza pomasula majuzi akale a pakaunjika. Chaka china ndinalukira amuna anga juzi yabuluu yoti azivala m'chisanu cha mu Juni popita kuchigafa cha fodya. Ulusi unandithera pamkono wamanzere, ndiye ndinamalizitsa ndi wofiira. M'Dowa monse munalibe juzi ina yotero.

Patangopita milungu itatu, iwo anati juziyo yasowa pamaliro.

Tsiku la msika ku Chisepo ndinaiona. Anaivala mayi wina wogulitsa tomato, atapinda mkono wofiirawo kuti usaoneke. Sindinamupatse moni. Ndinamugwira pakhosi n'kumugwetsera pansi, tomato yense n'kuphwanyika ndi maondo athu. Anandiluma chala mpaka magazi chuchuchu, ine n'kumuwomba khofi lomwe linamveka mpaka kwa ogulitsa nyama. Anthu ankakuwa kuti, "Mayi inu, mupha munthu!" Koma ine sindinkafuna munthuyo ayi. Ndinkasaka mfundo yomwe ndinamangira ulusi womaliza, yomwe ndinaibisa ndekha kunsi kwa mkono. Nditaipeza ndinaidula ndi mano n'kukoka, mkono wonse n'kumasuka iye akuona. Yotsalayo anavula yekha uku akulira.

Kunyumba sindinafunse kanthu. Ndinamasula juzi yonse, ulusiwo n'kulukira chopondera cha pakhomo, chabuluu, m'mphepete mofiira. Mpaka lero amuna anga amapukutirapo matope akamalowa, ndipo sanayang'anepo pansi ngakhale kamodzi.