Mwala Pamwamba pa Siponja

Mwana wa achimwene anga atatsala milungu itatu kuti akwatiwe, anabwera kwanga ku Fingoe ndi pempho limodzi lokha.

"Azakhali, pa guwa sindikufuna maluwa a pulasitiki aja. Anaona ubatizo wanga, anaona maliro a agogo, asaonenso ukwati wanga."

Ndinamulonjeza maluwa enieni. Ine sindilonjeza kawirikawiri, ndipo amene anaphunzirapo m'kalasi mwanga amadziwa kuti ndikanena chinthu sindichibweza. Koma inali nyengo ya chilimwe, mvula isanagwe, pamene duwa lothyoledwa m'mawa limakhala litafota dzuwa lisanafike paliwombo. Kuti maluwa aime kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Loweruka masana, panafunika siponja ya maluwa.

Siponja imeneyi si yotsukira mbale. Ndi yobiriwira, yooneka ngati njerwa, koma yopepuka kuposa chitsononkho chouma. Ndinaiona koyamba pamene ndinkaphunzira uphunzitsi mumzinda, kwa mayi wina wachikulire amene ankakongoletsa tchalitchi chathu. Iye anandiphunzitsa lamulo limodzi, ndipo analinena mobwerezabwereza mpaka linanditopetsa. Umadzaza basiya, ndiye kuti beseni, ndi madzi, umaika siponja pamwamba pa madziwo, ndiye umachotsa manja ako. Imamwa yokha kuchokera kunsi, mpweya ukutulukira pamwamba, n'kumira pang'onopang'ono. Ukaikankhira pansi, madzi amaitseka mbali zonse nthawi imodzi, mpweya umatsekeredwa pakati, ndipo kunja kumanyowa mkati muli mouma. Phesi la duwa likafika pamenepo silipeza ngakhale dontho.

Ndinapita ndekha mumzinda wa Tete kukagula siponja zinayi ndi maluwa a rozi oyera makumi atatu. Pobwerera Lachinayi ndinakhala kutsogolo kwa kamyao, galimoto yonyamula katundu, maluwa atakulungidwa m'nsalu yonyowa pamiyendo panga, ndipo paliponse pamene tinkaima ndinkawawaza madzi amene ndinanyamula kuti ndimwe ndekha. Anafika onse amoyo. Ndinawaimika m'ndowa m'chipinda chozizira koposa cha nyumba yanga.

Lachisanu m'mawa ndinali ndi ntchito yoyang'anira ezame, mayeso a ana, ku sikola, ndipo ntchito imeneyo satumirapo munthu. Mlamu wanga, mayi wake wa mkwatibwi, anali atafika kale kuchokera ku Chipera kudzathandiza. Ndi mkazi wakhama amene anakulira ku Zambia makolo ake atathawa nkhondo, ndipo manja ake sadziwa kukhala chete. Ndinamuonetsa siponja zija ndili pakhomo, mapepala ali m'khwapa.

"Alamu, mudzaze basiya lalikulu, muviike izi zonse zinayi. Ndikabwera masana ndizipeze zitamwa."

"Kuviika kokha basi? Pitani, apulofesola, ana akudikira kuti muwalepheretse."

Nditabwera, ndinazipeza zonse zili pansi pa basiya, zitada bwino ngati tsamba la mango. Ponyamula yoyamba ndinamva ngati ikupepuka kuposa mmene ndinkakumbukirira. Ndiyenera kuvomera kuti dzanja langa linandiuza zoona. Koma panali patapita zaka zambiri ndisanagwire siponja, ndinali nditatopa, ndipo maso anga anakhutira ndi mtundu wake.

Madzulo onse ndinali m'tchalitchi. Ndinaika siponja iliyonse m'mbale yake, n'kudula phesi lililonse mopendeketsa ndi mpeni wakuthwa. Phesi umalibaya kamodzi kokha. Ukalizula n'kulibayanso, bowo limakula ndipo duwa silimwa. Choncho ndinkayamba ndaima patali, kuyeza ndi diso, kenako n'kubaya. Maluwa aatali ndinawalowetsa kwambiri, mpaka pakati penipeni, kuti asagwe. Aafupi ndinawaika m'mbali pamodzi ndi masamba a m'bwalo mwanga. Amayi amene ankasesa anaimika matsache awo n'kumayang'ana. Mmodzi anapempha kununkhiza, ndinamulola atabisa manja kumbuyo.

Loweruka ndinafika dzuwa litangotuluka kuti ndiwonjezere madzi m'mbale. Nditatsegula chitseko ndinaona maluwa aatali onse atawerama, mitu ili pansi ngati anthu olira maliro. Aafupi okha a m'mbali ndi amene anali chiimire. Ndinazula duwa limodzi lalitali. Nsonga ya phesi lake inali youma, itamatira fumbi lobiriwira. Ndinatenga mpeni n'kuidula siponjayo pakati. Kunja kunali konyowa kuya kwa chala chimodzi. Mkati monse munali motuwa, mofumbutuka ngati ufa. Ndinadula yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Zonse zinali chimodzimodzi.

Mlamu wanga analowa atasenza ndowa ya madzi.

"Alamu," ndinatero, ndikuyesetsa kuti mawu anga asakwere popeza tinali m'nyumba ya Mulungu, "siponja zija munaziviika motani?"

"Monga mmene munthu aviikira. Zinkangoyandama ngati zikho, zikukana kumira. Ndiye ndinaika mbale pamwamba, pa mbalepo n'kuikapo mwala, monga timachitira ndi chinangwa."

"Mwala."

"Wotsuka bwino, musade nkhawa."

Ndinamuonetsa mkati mwa siponja. Anaigwira, fumbi linatsalira pa chala chake, ndipo anayang'ana maluwa aja kwa nthawi yaitali.

"Izi sazikanikiza," ndinatero. "Zimamira zokha."

"Lomba mukananena kuti ndiziyandamitse. Inu munati ndiviike. Kwathu chinthu choviikidwa sichikhala pamwamba pa madzi. Ndikanazisiya zikuyandama, mukanabwera kudzanena kuti mkazi wa achimwene anu ndi waulesi."

"Mukanafunsa."

"Ndikanafunsa ndani? Munali kale pamsewu, mapepala m'khwapa. Ndipo dzina lake munati ndi siponja. Muthokoze kuti sindinazifinye."

Ndakhala zaka zambiri ndikulemba mzere wofiira pansi pa mneni aliyense wosayenera m'makope a ana, ndipo pano ndinali nditapereka lamulo ndi mneni wolakwika. Kuviika n'kumiza chinthu ndi kuchigwira kuti chisabwerere; mayi aliyense wa ku Chipera amadziwa zimenezo kuyambira ali mtsikana. Lamulo limene ndinaphunzira mumzinda ndinaliphunzira m'Chipwitikizi, ndipo sindinakhalepo pansi kuti ndilipezere mawu m'chinenero chathu. Kudziwa kuti mlamu wanga akunena zoona sikunachepetse mkwiyo wanga. Kunangoulanda poti ukagwere.

Ukwati unali wa ola la khumi. Ndinazula maluwa onse, ndinadulanso mapesi awo, n'kuwagoneka m'ndowa ya madzi kuti mwina atsitsimuke. Zidutswa za siponja ndinaziika pamwamba pa madzi m'basiya, mbali youma ili pansi. Zinamwa n'kumira zokha, monga mmene zikanachitira dzulo lake.

"Taonani, zikumiradi zokha," anatero mlamu wanga chapansipansi. "Chinthu chaulemu."

Koma zinali kale ndi mabowo mbali zonse, ndipo tsopano zinali zidutswa. Nditayesa kubayapo phesi lalitali, chidutswa chinang'ambika pakati. Ndinamanga ziwiri ndi ulusi, ulusi unazidula. Pa maluwa makumi atatu aja, aafupi asanu ndi limodzi anali bwino, ndipo aatali atatu okha ndi amene anadzutsa mitu. Ena onse anatsala ofewa m'khosi. Maluwa asanu ndi anayi amadzaza mbale imodzi. Guwa lathu ndi lalitali, ndipo mbale imodzi pakati pake inkaoneka ngati yoiwalika.

Amayi a m'tchalitchi anali atayamba kufika. Mkulu wawo, amene amasunga makiyi a kabati ya maluwa a pulasitiki aja, anayang'ana guwa, anayang'ana ine, n'kunena mwaulemu kuti guwa silikhala lamaliseche pa ukwati, makamaka abale a mwamuna akuchokera kutali. Sindinamutsutse, chifukwa akanakhala wina amene analephera, ine ndikananena zomwezo. Ndinamupempha kuti adikire kaye.

Ndinayenda wapansi kupita kunyumba kumene ankamuveka mkwatibwi. Anali atakhala pa mpando, tsitsi likumangidwa, osatha kutembenuza mutu. Ndinamuuza zonse mwadongosolo, ndipo sindinatchule dzina la mayi ake.

"Otsala ndi angati, azakhali?"

"Asanu ndi anayi."

"Ndiye a pulasitiki aja abwereranso."

"Ndi mmene zilili."

Mayi amene ankamanga tsitsi anati duwa ndi duwa, mwamuna sakwatira guwa, ndipo atsikana anaseka. Mkwatibwi sanaseke.

"Muwaike kumbuyo," anatero pomalizira. "Enieniwo kutsogolo, kuti pa foto patuluke amenewo."

Ndinabwerera kutchalitchi. Kabati inatsegulidwa, ndipo maluwa a pulasitiki anatuluka ndi fumbi la chaka chonse. Ine ndi mlamu wanga tinawatsuka m'basiya lomwe lija, iye akutsukuluza ine ndikupukuta. Ndinawayala kumbuyo monga mmene mwana ananenera, ndipo ndinawayala bwino, chifukwa ntchito siichitidwa mosasamala ngakhale uli wokwiya. Mbale ya maluwa enieni ndinaiika kutsogolo, apadiri akuvala kale mkanjo.

Maluwa asanu ndi anayi aja anaima mpaka mapemphero atatha. Koma anali oyera, nsalu ya pa guwa inalinso yoyera, ndipo wojambula anaima patali. Mafoto atabwera, mwanayo anawayala pa tebulo langa n'kuyamba kufufuza ndi chala. Pa foto iliyonse, kumbuyo kwa mutu wake, panali maluwa ofiira ndi achikasu a pulasitiki, owala bwino chifukwa tinali titawatsuka.