Diresi la ubatizo ndi magetsi a m'galimoto

"Anzanga, musandiyese wamiseche, koma nsidze inayo amuna anu anakaisiya kuti?"

Anandifunsa choncho mayi ena a ku Maniamba amene anatsika phiri ndi ana awo pothawa nkhondo, n'kudzamanga msasa pafupi nafe ku Nkholongue. Tinali pa thanthwe, tikuyanika chinangwa chovuula. Funsolo anali atalisunga kuyambira tsiku limene anafika, chifukwa amuna anga akamamvetsera nkhani, mbali imodzi ya nkhope imadabwa, inayo ili phee. Ndinawauza kuti nsidzeyo inadyedwa ndi magetsi. Anayang'ana uku ndi uku, mudzi wonse wopanda ngakhale babu limodzi, n'kunena kuti ngati sindikufuna kuwauza ndingonena. Ndiye ndinawafotokozera zonse, ndipo ndi zomwezo ndikulemba panozi.

Nkhondo isanafike kunyanja kuno, kunabwera azungu awiri oyeza nsomba, ndipo amuna anga ndiwo ankawapalasira bwato. Azunguwo anali ndi galimoto yaitali yokhala ndi bedi m'kati, ndipo ankagona pali ponse pamene pawasangalatsa. Ankati imeneyo ndi kampizimu. Amuna anga anandimasulira kuti ndiko kugona kutchire mwa kufuna kwako, nyumba uli nayo. Ndinaseka mpaka misozi. Sipanapite nthawi, ife tomwe tinayamba kampizimu, kungoti yathu sitinaifune.

Msewu wa ku Lichinga utaipa, azungu aja anachoka pa boti n'kutisiyira galimoto kuti tisunge, ati abweranso. Sanabwere. Tinaikankhira pakati pa miyala ndi mitengo pafupi ndi gombe, n'kuifunditsa nthambi. Zikamveka kuti kumtunda kwaipa, tinkasamukira m'menemo: ine, amuna anga ndi mwana pa bedi, nkhuku pansi pa galimoto. Timafuta tomwe tinatsalamo amuna anga ankatisamala ngati mankhwala. Ankailiza pang'ono chabe kuti batire isafe, iwo atakhala pa chiwongolero, chigongono pa zenera, kupita kosapita.

Pansi pa bedi panali katoni, ndipo m'katonimo munali kabokosi kachitsulo kokhala ndi zipsepse ngati za chambo, ndi mawaya awiri aafupi, wofiira ndi wakuda. Dzina lake invesoro. Ntchito yake n'kutenga moto wa batire n'kuusandutsa magetsi onga a m'nyumba za m'tauni. Azungu anachoka asanakamange, koma anali atawauza amuna anga chinthu chimodzi: wofiira apite pamene pa batire pali kamtanda, wakuda pamene pali kamzere. Amuna anga ndi a kwaya, ndiye sanaiwale. Ankati chofiira ndi magazi, ndipo magazi malo ake ndi pa mtanda.

Ine ndinali ndi makina osokera amene azakhali anga a ku Lichinga anandipatsa pa ukwati. Anali amagetsi, opanda chopukusa, opanda chopalasa ndi mapazi, koma kachitsulo kokha koponda magetsi akakhalapo. Azakhaliwo anali asanafikepo kwathu. Makinawo anakhala pakona osasoka ngakhale nkhwinya imodzi, ndipo chivundikiro chake ndicho chinkagwira ntchito, chifukwa nkhuku inkaikiramo mazira.

Tsiku lina akatekisi analengeza kuti apadiri, ansembe athu, abwera pa boti Lamulungu lotsatira kudzabatiza ana. Apadiriwo anali asanapondeko kwathu kuyambira ndisanakhale ndi pakati, ndipo mwana wanga anali atayamba kale kukwawa. Palibe amene ankadziwa kuti akachoka adzabweranso liti. Kwathu kuno mwana amabatizidwa atavala zoyera. Ena amabwereka, koma pa ulendo umenewo ana anali atachuluka, ndipo kadiresi kalikonse koyera m'mudzi kanali ndi mwini kale. Ku sitolo ya ku Metangula kunali mashelefu ndi wogulitsa basi. Ndinatulutsa diresi langa la ukwati, ndinalipsompsona, n'kulidula. Ndiyo nsalu yoyera yokha imene ndinali nayo.

Nditangolowetsa ulusi mu singano, amuna anga anandigwira dzanja.

"Taimani, amake mwana. Mwana wa ine asokeredwe ndi manja ngati thumba la usipa?"

"Inunso munabatizidwa ndi chosoka pamanja, bambo ake. Madzi sanakane."

"Nthawi ija kunalibe invesoro. Tandipatsani mpaka Loweruka. Mudzangokhala chonchi, phazi pa kachitsulo, trrrrr, latha. Amayi a ku Chiwanga adzatembenuza mpendero kuti aone."

Kunena zoona, zoti amayi a kumudzi wa Chiwanga adzatembenuza mpendero zinandilowa mumtima. Ndinapinda zidutswa zanga n'kudikira.

Amuna anga anaitana akulu awo, alamu anga, katswiri woluka ndi kusoka maukonde, amenenso anali woti adzaimire mwanayo ngati mboni pa ubatizo. Vuto loyamba linali loti batire ili kutsogolo, pamene malo oika makina ali kumbuyo, ndipo mawaya a kabokosi anali ofika pa chigongono chabe. Alamu anabweretsa waya wamkuwa wa lamya inagwa kalekale, umene ankamangira miono. Unali wosavala kanthu. Anadula zidutswa ziwiri, analumikiza china ku wofiira, china ku wakuda, ndipo chilichonse anachikulunga ndi mphira ya chubu cha njinga. Mpaka pamenepo ine sindinaone cholakwika.

Koma msodzi sangaone zingwe ziwiri zitagona moyandikana osazipota. Anazipota bwinobwino ngati chingwe cha nangula. Ndipo msodzi sangasiye chinthu pafupi ndi madzi osachipaka phula. Ananditumiza kusungunula phula la bwato m'chitini, n'kupaka chingwe chonse kuyambira ku mutu mpaka kumchira, mpaka chinkanyezimira ngati mlamba. Anachidutsitsa pansi pa mipando ndi pa kabowo kotulukira ku injini. Kumeneko kunatuluka michira iwiri yakuda yofanana ndendende. Amuna anga anali ataganizirapo kale. Pa mchira wochokera ku wofiira anamanga mfundo imodzi, kuti asadzasokoneze.

Loweruka m'mawa anapita kukaphunzira nyimbo za ubatizo, n'kusiya alamu akumangirira chingwe kuti chisalendewere.

Pano ndiyenera kufotokoza za khoka, chifukwa mayi a ku Maniamba aja sanamvetse mpaka nditawajambulira pa mchenga. Khoka ndi ukonde waukulu umene amakoka anthu a magulu awiri ali pamtunda, gulu lililonse ndi chingwe chake. Pa zingwe ziwirizo pamakhala mfundo zoyang'anizana. Gulu likafika pa mfundo limafuula, linalo limayankha, kuti onse azikoka mofanana. Chingwe china chikasowa mfundo, ukonde umabwera chopendekera, nsomba n'kuthawa. Alamu anga moyo wawo wonse akhala akukonza zimenezi. Ataona michira iwiri, wina wa mfundo, wina wopanda, anapukusa mutu kuti mng'ono wawo sadzakula. Anamanga mfundo pa winawo, mofanana bwinobwino, n'kubwezera mphira ndi phula.

Amuna anga atabwera, anaima pa injini n'kuyang'anitsitsa michira iwiri ija.

"Achimwene, mfundo yanga ndi iti?"

"Zonse zili bwino. Ndakumalizira."

"Mwandimalizadi. Ndikufunsa yanga."

"Ndiye ukufuna kundiuza kuti yako ndi yanga zimasiyana? Si bambo mmodzi anatiphunzitsa?"

Zinali zoona. Mfundo ziwirizo zinali ngati mapasa. Amuna anga anazinunkhiza, anazitembenuza, anazifunsa ndi maso. Ine ndinati bwanji amasule chingwe chonse aone kumene mchira uliwonse ukuchokera. Onse awiri ananditembenukira ngati ndanena kuti aphwasule bwato pofuna kupeza msomali.

"Phula lauma, amake mwana. Ntchito yonse ija?"

"Ndiye ndipatseni singano yanga, dzuwa likadali pamutu."

"Alamu, khalani pa makina," anatero alamu anga. "Ine ndinapeza mfundo kumanzere. Ndikukumbukira ngati dzina langa."

"Ine ndinaimanga kumanja."

"Utaima mbali iti?"

Amuna anga sanakumbukire mbali imene anaima. Ndipo m'bwato muli lamulo: awiri akasiyana maganizo pa madzi, mawu a wamkulu ndiwo amawongolera. Galimotoyo inali pamtunda, koma iwo ankaiyendetsa ngati bwato.

Ndinakwera kumbuyo, mwana kumsana. Ndinaika makina pa thabwa, zidutswa ziwiri za kutsogolo pansi pa singano, zotsalazo pa mpando pambali panga. Anthu anali atasonkhana kudzaona magetsi. Amuna anga anagunditsa waya pa batire. Kunamveka kaphokoso kakang'ono, thu, ngati chimanga chokazinga. Ndinaponda kachitsulo. Makina ali duu.

Amuna anga anatsegula pambali pa kabokosi n'kutulutsa kagalasi kakang'ono kokhala ndi kawaya kopyapyala m'kati, kataduka. Lero ndikudziwa kuti kameneko ndi fyuzi, ndipo kamafa dala kuti zina zonse zipulumuke. Kanali katatiuza kale zoti talakwitsa. Alamu anakayang'ana padzuwa n'kuseka.

"Azungu awa! Ulusi wa usipa ukufuna kukoka kampango? N'chifukwa chake kaduka."

Anatulutsa mbedza yaikulu m'chipewa chawo, anaiwongola ndi mwala, anaidula, n'kuikhomera pamalo pa kagalasi kaja.

"Ameneyu ndiye saduka."

Sanadukedi. Amuna anga anawerama pa batire, nkhope pafupi kuti aone kamtanda bwino, n'kumanga waya. Poyamba kabokosi kanang'ung'udza ngati njuchi, ndipo anthu anayamba kuwomba m'manja. Kenako ndinamva fungo la bwato latsopano. Phula linali kuwira pansi pa mipando. Chingwe chonse chinayamba kufuka, n'kuyaka kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo ngati mzere wa lupsa. Ndinalumphira kunja ndi mwana. Nditatembenuka kuti nditenge nsalu, mpando unali utagwira kale moto. Kutsogolo lawi linawanyambita amuna anga kumaso, ndipo anathamangira m'nyanja akufuula dzina la mayi awo. Atangochoka, batire inaphulika.

Phokoso lotero nthawi imeneyo linali ndi tanthauzo limodzi lokha. Mudzi wonse unabalalika. Amene anali pa galimoto, amene anaona ndi maso awo chimene chaphulika, nawonso anathawa, poona anzawo akuthawa. Ena analowa m'bango, ena anakankha mabwato opanda nkhafi. Akatekisi anawapeza m'madzi, mphuno yokha ili kunja, buku la nyimbo ali nalo pamutu. Tinatsala ine ndi alamu, tikuthira mchenga m'galimoto ndi mbale. Alamu anali atanyowa miyendo ndi madzi a m'batire, koma anati si kanthu, sakuwotcha.

Moto utazima ndinatola zimene zinatsala pa diresi langa. Kanali kachidutswa kokwana chikhatho, ndi dontho la phula pakati. Ndinakhala pa mwala n'kukayang'ana. Sindinalire, chifukwa mwana anali kulira kale ndipo wina ankayenera kumutonthoza.

Amuna anga anatuluka m'madzi, nsidze yakumanzere palibe, pamalo pake pali chironda chofiira. Anaima patsogolo panga madzi akuchucha.

"Amake mwana, ndiye kuti inali kumanja."

"Ndamva, bambo ake. Shati lanu la kwaya lili kuti?"

Anayang'ana kachidutswa kali m'manja mwanga. Shatilo linali loyera, la manja aatali, lokhalo limene anali nalo, ndipo ankaligoneka pansi pa mphasa kuti liwongoke. Anakalitenga okha. Anandigwirira okha pamene ndinkadula. Ndinasoka ndi singano yanga ija, ulusi womwe uja ndinalowetsa poyamba, ndipo dzuwa lisanapendeke kwenikweni kadiresi kanali katatha. Mabatani a shati anapita kumsana. Kathumba ka pachifuwa ndinakasiya, chifukwa kukachotsa kukanasiya zibowo.

M'mawa mwake apadiri anafikadi. Amuna anga anaima m'kwaya atavala juzi la kunyanja lonunkha usipa, pakati pa anzawo oyera mbee, akuimba mokweza kuposa onse. Alamu anavala buluku lomwe lija la dzulo, poti linali lokhalo. Sitinkadziwa kuti madzi a m'batire amadya nsalu mwakachetechete. Pamene anagwada kuti ayankhe malonjezo a mboni, maondo onse awiri anatulukira panja, ndipo pamene anaimirira, mbali ina ya buluku inatsala pansi. Ndinawapatsa kapulana, chitenje changa cha pamwamba. Anamaliza malonjezo atamanga m'chiuno ngati ntchembere, nkhope ili gwa.

Apadiri anamunyamula mwana, anayang'ana kathumba ka pachifuwa, anayang'ana mboni, anayang'ana bambo wa nsidze imodzi. Anafunsa motsitsa mawu ngati kwathu kunafika nkhondo.

"Iyayi, abambo," ndinatero. "Kunafika magetsi."

Anamubatiza. Mayi wina wa ku Chiwanga anatembenuzadi mpendero pa khomo la tchalitchi, n'kunena kuti makina anga amasoka ngati munthu.

Nditamaliza kufotokoza, mayi a ku Maniamba aja anapukuta misozi ndi kapulana n'kufunsa kuti zonse pamodzi tinataya chiyani. Ndinawawerengera. Invesoro, batire, mipando iwiri ndi bedi la azungu. Makina a azakhali, amene anasungunuka asanasokepo kanthu. Diresi langa la ukwati, shati la kwaya, buluku la alamu, mbedza imodzi ya kampango, ndi nsidze yakumanzere.